Nandolo wa mu Disembala

A Namakhwa a ku Likoswe ankagulitsa nandolo wawo akangomenya, monga ankachitira makolo awo. Koma chaka chimene mwana wawo Angella analowa Fomu 3, m'nyumbamo munabwera nzeru zatsopano.

"Bambo, musathamangire kumsika," anatero Angella, kope lili m'manja. "Aphunzitsi akuti katundu akachuluka mtengo umatsika, akasowa umakwera. Sungani mpaka Disembala."

A Namakhwa anagwedeza mutu, mumtima akuti fizi ija sinapite pachabe. Anathira mankhwala a anankafumbwe m'matumba onse, n'kuwabisa kuchipinda. Mavenda akabwera ndi sikelo ankawabweza monyada, ndipo ngakhale mchimwene wawo weniweni sanamuuze chinsinsicho.

Disembala atakwana anamangirira matumba awiri panjinga, ulendo wa ku Namitambo, akuimba mluzu njira yonse. Atafika pamsika, mluzu uja unathera m'kamwa. Nandolo anali mbwee! Pambali pa thumba lililonse panaima kholo la mwana wa Fomu 3, mchimwene wawo uja ali kutsogolo kwenikweni, akuyang'ana kumbali. Wasikelo ankangoseka, n'kumatchula mtengo wosafika ngakhale wa mu Ogasiti.

A Namakhwa anabwerera kunyumba akukankha njinga, matumba ali pomwepo, thukuta lili kamukamu.

"Angella, kodi m'kalasi mwanumo mulimo angati?"

"Eyite-folo, bambo."

"Ndipo onsewo analemba zimene unalemba iwezo?"

"Eya, zinali pabolodi."

"Mawa ukawauze aphunzitsi akowo kuti nzeru ya malonda salemba pabolodi. Amachita kunong'oneza."