Bala la M'khwapa

Ercília, mkazi wa Cornélio wa ku Chidzolomondo, anavutika ndi chithokomiro zaka zisanu ndi chimodzi. Chitayamba kumutsamwitsa akamadya, mlongo wake Felisberto anamutengera ku Maputo, kumene ankagwira ntchito, kuti akachichotse.

Dotolo wa kumeneko anati njira zilipo ziwiri: kucheka pakhosi n'kusiya chipsera, kapena kuboola m'khwapa n'kulowetsa kakamera ndi timipeni, toyenda pansi pa khungu la pachifuwa mpaka kukafika pakhosi.

"Yachiwiriyi ndi yaitali," anachenjeza dotolo. "Ena amamva ululu kwambiri."

Ercília anaimbira foni mwamuna wake.

"Asakuchekeni pakhosi ngati mbuzi, mayi a Dulce," anatero Cornélio. "Anthu aziti chiyani kumpingo?"

Ercília anasankha ya m'khwapa.

Atatsitsimuka pambuyo pa opaleshoni, anamva ngati amusenda chifuwa chonse. Kumeza malovu kunali nkhondo. Pobwerera, minibasi ya shapa ikadumpha mabampu pamsewu wa ku Furancungo, ankaluma chitenje kuti asakuwe.

Kumudzi anthu anasonkhana kudzaona khosi. Linali losalala ngati la mtsikana.

"Taonani, alibe ndi bala lomwe!" anatero apongozi ake, mayi a Cornélio. "Mawa mutithandize kupachika fodya."

Koma mkono wamanja sunkakwera kupitirira phewa. Khungu la pachifuwa linachita dzanzi, komabe bulauzi ikalikhudza linkawotcha ngati tsabola. Ercília anayesa masiku atatu. Tsiku lachinayi anakhala pansi m'chigafa, misozi ili chuchuchu.

"Ulesi umenewu mwautola ku Maputo?" anafunsa Cornélio.

"Bambo a Dulce, bala lili m'kati. Kuyambira apa mpaka apa."

Anamuonetsa m'khwapa. Cornélio anayang'ana kachipserako n'kuseka.

"Kameneka? Ine chikwanje chinanditema kuposa apa, koma ndinalima tsiku lomwelo."

Kuchipatala chapafupi anamupatsa Ercília mapiritsi, amvekere mitsempha imachira pang'onopang'ono. Kunyumba palibe anakhulupirira. Apongozi anayamba kuuza anzawo kuchitsime kuti mtengwa wawo akunamizira.

Fodya asanaume, Ercília anatenga mwana wake Dulce n'kupita kwa mayi ake ku Tsangano. Cornélio sanamulondole. Mvula itagwanso, anamva kuti mwamunayo walowetsa mkazi wina m'nyumba.

Ululu unatha patapita miyezi isanu ndi iwiri, koma dzanzi silinachoke. Masiku ano Ercília amasankha mbatatesi pamsika wa Tsangano, atakhala pathumba. Zolemera zonse amanyamula ndi dzanja lamanzere.