Mapiritsi a Amake Joice

Kaenvulopu ka mapiritsi kanali pamalo pake pa masiku onse, pansi pa buku la nyimbo, koma munalibe kanthu. A Elson anakatembenuza n'kukagwedeza pachikhatho. Munangogwa tifumbi toyera.

"Amake Joice, tabwerani kuno. Kodi adokotala anati mapiritsi awa ndi a masiku angati?"

"A mwezi wathunthu," anayankha mayiwo ali pakhonde, akumanga duku.

"Ndiye mwezi wa kwanu ku Chonde umatha pa masabata awiri?"

Amake Joice, amene dzina lawo linali Alefa, anaseka. Iwo ankathyola tiyi pa esiteti ina kunsi kwa phiri la Mulanje, ndipo amuna awo ankagwira ntchito kufakitale koumitsa masamba. Ankakhala ku malaini, m'nyumba za kampani zogundizana makoma, kumene munthu akatsokomola mnzake wa chipinda china amati pepani. Chinali chaka cha 1986. Banjali linali lokhutira ndi zimene Mulungu analipatsa: ana anayi, kamunda ka nandolo ndi chinangwa, ndi wailesi yomwe inkalankhula akaimenya kambama.

Vuto linali limodzi. Miyezi iwiri m'mbuyomo a Alefa anamva chizungulire ali m'munda wa tiyi. Kuchipatala cha pa esiteti anawayeza n'kuwauza kuti ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Mawu amenewa anawaopsa, pakuti achemwali awo aakulu, a Anne a ku Chonde, anali ndi matenda omwewo. Tsiku lina a Anne anagwa akusenda chinangwa. Kuyambira pamenepo mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panakhota, ndipo mayi amene kale ankadzaza tchalitchi ndi mawu ake tsopano sankatha kutchula ngakhale dzina la mwana wake. A Alefa nawonso ndi amene ankayambitsa nyimbo ku Mvano, gulu la amayi a mumpingo. Akaganiza za achemwali awo ankagwira pakhosi pawo.

"Musadandaule, bambo a Joice," anatero m'mawa umenewo. "Ine ndinachira. Mutu unasiya, chizungulire chinatha. Ndiye ndisunge mankhwala m'nyumba anzanga akubuula kuseri kwa khoma? Mwalandira kwaulere, muperekenso kwaulere. Si mmene timaphunzirira?"

"Mwapatsa ndani?"

"Amake Lackson. Mutu unkawavuta."

"Okhawo?"

A Alefa anayang'ana kuphiri, ngati kuti mitambo ya chiperoni iwathandiza kuyankha. Zoona zake zinali zakuti amake Lackson, a Millie, atamwa mapiritsi awiri anakasimba ku Mvano kuti a Alefa ali ndi mankhwala amphamvu a achizungu. Lachinayi lotsatira kunabwera wa msana, kunabwera wa dzino, kunabweranso wina amene sankamva kupweteka paliponse koma ankafuna kusungira mawa. A Alefa sankadziwa kukana. Anagawa monga ankagawira mchere ndi moto.

Chimene sanawauze anzawowo n'chakuti mapiritsiwo amachititsa munthu kutaya madzi pafupipafupi. Sabata imeneyo kapitawo anadabwa kuona madengu ali okha m'mizere ya tiyi, eni ake akulowera kumabulugamu mmodzimmodzi.

"Kodi amayi a Mvano, kuthengoko mwatsegulako tchalitchi?" anafunsa. Amayi anangoseka atagwira pakamwa.

Panapita masabata awiri ena a Alefa osamwa kanthu. Tsiku lopita kukatenga mapiritsi ena linafika n'kudutsa. A Elson ankakumbutsa, koma yankho linali lomwelo: munthu wochira sapita kuchipatala kukatsekereza odwala.

Lachiwiri lina masana, a Alefa ananyamula dengu lawo lodzaza kupita nalo kusikelo. Atangolitula anamva kuphulika m'mutu ngati ng'oma, maso anachita chidima, ndipo magazi anayamba kudontha m'mphuno. Pamene anzawo ankathamangira kukatunga madzi, kumbuyo kunamveka mfuu ina. A Millie, amene anali akumwabe mapiritsi otsala amene anapatsidwa, anali atakhala pansi mumzere wa tiyi, miyendo itakana.

Thalakitala yonyamula masamba ndi imene inawatengera onse awiri kuchipatala. A Elson atamva anasiya ntchito n'kuwatsatira pa njinga.

Wothandiza madokotala pachipatalapo anali a Namakhwa, bambo wamfupi wa imvi m'mbali, amene anthu onse ankangowatchula kuti adokotala. Iwo anamanga lamba pamkono wa a Alefa, anapopa kampira, n'kumvetsera. Anapopanso kachiwiri. Kenako anavula magalasi.

"Mayi, mapiritsi aja mukumwa?"

A Alefa anali atakonza kale bodza panjira, loti kaenvulopu kanagwera m'ndowa. Koma atayang'ana amuna awo ataima pakhomo, thukuta lili chuchuchu, lilime linakana.

"Ndinagawa, adokotala."

"Munagawa? Ngati nanazi?"

"Ndinaona kuti ndachira. Anzanga ankavutika."

A Namakhwa sanakalipe. Anawapatsa mankhwala, anawagoneka pabedi, n'kuyeza a Millie. Anawatsegula chikope cha m'munsi, anawayang'ana zikhatho, n'kupukusa mutu.

"Taonani tsono. Inu amake Joice magazi anu akuthamanga kuposa tsiku lija munabwera koyamba. Anzanuwa magazi awo sathamanga n'komwe. Iwo vuto lawo n'lakuti magazi ndi ochepa m'thupi, n'chifukwa chake mutu unkawapweteka. Mapiritsi anu anangowafooketsa. Mankhwala amene akanakutetezani inu ndi amene awagwetsa iwo."

"Mayo ine!" anatero a Millie ali pabenchi. "Achemwali, munafuna kunditumiza kwa Atate nthawi isanakwane?"

"Inu ndi amene munabwera ndi chikhatho chotambasula," anayankha a Alefa chapansipansi, ndipo ngakhale a Namakhwa anamwetulira.

Mutu utayamba kuzizira, a Alefa anafunsa chimene chinkawavuta. "Koma adokotala, ine ndinkamva bwinobwino. Ndikanadziwa bwanji kuti matenda akadalipo?"

A Namakhwa anakokera mpando pafupi. "Simukanadziwa, mayi. Matenda awa ali ngati chiswe m'mtengo wa denga. Kunja mtengo uli bwino, mkati ukudyeka. Chaka chatha tinaitanidwa ku Blantyre kukaphunzira zimene ofufuza apeza. Madokotala a m'maiko akutali anatsatira anthu zikwizikwi kwa zaka zingapo, onse a magazi othamanga, ambiri osamva kupweteka kulikonse. Ena ankamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ena ayi. Atawerenga pamapeto anapeza kuti kufa ziwalo kunachepa kwambiri pakati pa omwa mankhwala aja. Kale ngakhale ife tinkayembekezera kuti munthu ayambe wadandaula. Lero tikudziwa kuti kudikira ululu n'kuchedwa."

"Ndiye ndidzamwa mpaka liti?"

"Mana a m'chipululu aja ana a Israele ankatola kangati?"

"M'mawa uliwonse."

"Basi. Piritsi la dzulo siligwira ntchito ya lero. Mukamva bwino, ndiye kuti mankhwala akugwira. Si kuti matenda achoka." Anatembenukira kwa a Elson. "Ndipo inu bambo, bakayawo wa ku Muloza uja muchepetse kugula. Nsomba imeneyo ndi mchere wokhawokha. Akaphika azimviika kaye m'madzi n'kutaya madziwo. Mchere wapambale ndi soda wa m'therere zichepenso."

"Zimenezo ndiye mwalanga ine," anadandaula a Elson. "Wodwala ndi wina, womanidwa bakayawo ndi wina."

"Thupi limodzi, si mmene munalonjezera kutchalitchi?" anatero a Namakhwa.

A Alefa anaseka, koma mtima wawo sunakhazikike. Kenako anati, "Adokotala, inu ndinu Mkhristu. Mnzanga akabweranso mutu ukumuwawa, ine mapiritsi ali m'nyumba, ndimuuze kuti ndilibe? Ine kumana sindingathe. Anthu adzati amake Joice ayamba kuuma manja."

"Ndikufunseni," anatero a Namakhwa. "Anamwali asanu ochenjera aja, anzawo atawapempha mafuta a nyale, anawagawira?"

"Ayi. Anati sangakwanire onse."

"Nanga anangowathamangitsa?"

A Alefa anaganiza. "Anawauza kumene kuli mafuta."

"Inu mungathe kuposa pamenepo. Musangowauza. Muwagwire dzanja, mubwere nawo kuno. Lamba uyu satha, ndipo kuyeza sitilipiritsa."

Anasunga a Alefa pachipatalapo masiku awiri mpaka magazi anatsika. Mkono unali wamoyo, mwendo unali wamoyo, pakamwa panali pabwino. M'mawa wa tsiku lotuluka a Alefa anayesa mawu awo chapansipansi, ndipo nyimbo inatuluka yathunthu. Anagwada pambali pa bedi n'kuthokoza.

Lachinayi lotsatira, Mvano utatha mapemphero, a Alefa anaimirira. Anaulula kulakwa kwawo osabisa kanthu, ndipo a Millie anaikira umboni mowonjezera ndithu, mpaka kuonetsa mmene anagwera. Kenako a Alefa anati, "Amayi anzanga, zogawa mapiritsi kwa ine zatha. Koma amene akufuna chithandizo anditsate."

Anthu a ku malaini anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Amayi makumi awiri ndi atatu, malaya oyera, masiketi akuda, maduku oyera, anali pamzere mumsewu wa pakati pa tiyi, akuimba, amake Joice ali patsogolo. Ena anayesa kuti kwagwa maliro. Wachinyamata wina wa chipani, amene ankaona makadi a chipanicho pamphambano, anangopatuka n'kuvula chipewa. A Namakhwa atawaona pawindo anagwira m'chiuno.

"Ndinati mubwere ndi mnzanu, mayi. Sindinati mubwere ndi mpingo."

"Mwaitana nokha, adokotala. Popani."

Anapopa mpaka dzanja linatopa. Mwa amayi onsewo, anayi anapezeka ndi magazi othamanga, ndipo atatu mwa iwo sanamvepo mutu ngakhale tsiku limodzi. Wa dzino uja anauzidwa za dzino lake, wa msana anauzidwa za msana wake.

Pomalizira panatsala a Doris, mayi wofatsa amene ankakhala kumbuyo nthawi zonse. Iwo anakoka a Alefa pambali n'kuwanong'oneza kuti ali ndi kachotupa m'bere, kolimba ngati nandolo, koma kosapweteka. Anali atakabisa miyezi iwiri.

"Sikapweteka, achemwali. Mwina kadzatha kokha."

"Matenda anga aja ankapweteka?" anafunsa a Alefa. Anawagwira dzanja n'kulowa nawo.

Namwino atawaona, a Namakhwa analemba kalata yopita kuchipatala cha ku Boma, ndipo kumeneko anawatumiza ku Blantyre. Madokotala anati inali khansa, koma inali isanafalikire. Anawachita opaleshoni. A Doris anabwerako patatha milungu isanu, ataonda koma akuyenda okha, ndipo amayi a Mvano anawalimira munda wawo chaka chimenecho.

Kunyumba kwa a Elson kunayamba mwambo watsopano. M'mawa uliwonse, akatha pemphero, bambo ankatsegula buku la nyimbo, kutulutsa kaenvulopu, n'kuika piritsi limodzi pachikhatho cha akazi awo. Ankaima pomwepo mpaka litamezedwa.

"Mukundilondera ngati mbava," ankatero a Alefa.

"Mbava imaba za eni. Inu mumaba zanu zomwe n'kukapatsa anthu. Mezani."

A Millie anapatsidwa mankhwala awoawo owonjezera magazi, ndipo mutu unasiya. Masiku ena ankagogoda pakhoma n'kufuula, "Achemwali, mwamwa?" Yankho linkachokera kuseri: "Ndamwa! Inu mwamwa anu?"

Pa Khirisimasi a Alefa anakwera basi kupita ku Chonde kukaona achemwali awo. Anawasambitsa, anawapesa tsitsi, n'kukhala nawo pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Anawaimbira nyimbo zonse zimene ankaimba limodzi ali atsikana. A Anne sanathe kutulutsa mawu, koma dzanja lawo lamoyo linkaomba pabondo motsatira nyimbo. Asanatsanzike, a Alefa anaitana ana aakazi awiri a achemwali awowo, amene anali kale ndi mabanja awo.

"Matenda awa amayenda m'mtundu," anawauza. "Lolemba mukayezetse. Ndipo musandiuze kuti simukumva kupweteka."

Anthufe Mulungu anatipatsa mtima wogawana, ndipo ndi mphatso yabwino. Tigawane ufa, tigawane moto, tigawane misozi ndi chimwemwe. Koma mankhwala a kuchipatala sagawana, pakuti anayezedwera munthu mmodzi ndi matenda ake. Ngati anakuuzani kuti magazi anu amathamanga, imwani mapiritsi anu tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino, chepetsani mchere, ndipo musaphonye tsiku lokayezetsa. Mukaona chotupa, ngakhale chosapweteka, musachibise. Ndipo mnzanu akadwala musamupatse piritsi lanu. Mupatseni dzanja lanu, mupite naye kuchipatala.

Amake Joice anayambitsa nyimbo ku Mvano zaka zina zambiri, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kusikelo.