Theka la Gasi

"Chimanga tagawana, njinga tatenga. Latsala botololo," anatero Eneya, mng'ono wa malemu, akukhazika chigubu chopanda kanthu pabwalo.

Zelifa anayang'ana botolo lachitsulo lija, la gasi wa mafiriji. Malemu mwamuna wake Stafford ankakonza mafiriji kuyambira ku Nkhulambe mpaka kumadooko a ku Chilwa, ndipo gasiyo anamugula atangotsala pang'ono kugwa pamphasa. Jenifer, mwana wawo woyamba, ntchitoyo anaidziwa bwino. Koma popanda gasi akanakonza chiyani? Pakhomo pakanagona njala.

"Alamu, tengani mbuzi," Zelifa anachonderera. "Ichi sichigawika. Akulu anu ankati gasi akatuluka amamwazika, sabwereranso."

"Nyumba ndi munda n'zanu, poti m'bale wathu anali mkamwini. Ife tipite chimanjamanja? Tithira theka muno."

"Bambo aang'ono, chigubu sichingasunge..."

"Iwe Jenifer, pogawa za masiye mwana salankhula!"

Eneya ndi nkhutukumve chibadwire. Analowetsa paipi m'chigubu, napotokola valavu yotsegulira botolo ndi pulayala mwamphamvu ngati akupha nkhuku. Psiii! Utsi woyera unabuka, chigubu chinagubuduka, paipi n'kumakwapula fumbi. Poti atseke, chitsulo chinamuwotcha zala ndi kuzizira. Mayo! Anataya pulayala, uyo kuseri kwa nkhokwe.

Jenifer anathamangira botolo, koma valavu inali itathyoka. Anangoima manja lende, gasi akufalikira pabwalo, m'munda wa nandolo, mpaka mluzu uja unazilala.

"Theka lanu lili m'chigubumo, alamu," anatero Zelifa. "Nyamulani."

Eneya anatola chigubu osayang'ana munthu, zala zili m'khwapa.

Dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo, koma pakhosi pa botolo panali patayera chisanu ngati ufa. Zelifa zinamuwawa kuposa tsiku la maliro. Anagwada, nagwira chitsulocho ndi manja onse mpaka zikhatho zinachita dzanzi.

Stafford akamakonzera firiji pakhonde nyengo yotentha, ankaziziritsa manja pachitsulo, n'kuzembera aliyense amene wakwinya nkhope, kumugwira masaya mpaka aseke.

Jenifer anali atakhala pafumbi, maso ali gwa pa valavu. Zelifa anamudzera kumbuyo mwakachetechete, namugwira masaya ndi manja ozizira aja. Mtsikanayo sanaseke. Anangowagwira manjawo, nawakanikiza kuti asachoke.