Wogwira Chingwe ku Onoura

Lamulo lathu ndi lakuti m'chitsime sulowamo wekha. Pamwamba pazikhala mnzako wogwira chingwe, chifukwa makoma akale amagumuka osatsanzika. Ndine ndinalimbikira lamuloli, ndiye musandifunse chifukwa chake sindinaliphwanye.

Tinkafukula mzinda wakale wa Onoura, doko limene linakwiririka ndi matope kalekale. Gulu lathu linali la mayunivesite angapo, ena ochokera ku Korea, ndipo aliyense anali ndi gawo lake. Ine Fumie anandipatsa zitsime, poti ndani amalimbirana matope? Kampani ya msewu inati Lachisanu ikwirira malo onse, pamene chitsime changa chomaliza chinali chitatsala pang'ono kufika pansi. M'matopemo munkaoneka mlomo wa mbale yakuda yamtengo.

Sabata yomweyo anzanga onse anapita kumsonkhano ku Kyoto, kukafotokoza za mzinda womwewu. Ndinaimbira a Kuramoto, mkulu wa gulu lathu.

"Aphunzitsi, nditumizireniko munthu mmodzi yekha. Angogwira chingwe basi."

"Aa, a Fumie, inunso ndi zitsime zanuzo! Mudzakwatiwa ndi chule. Ndiona mawa."

Mawa lakelo sikunabwere munthu. Ndinadya mpunga wanga wozizira m'mphepete mwa dzenje, ndikuyang'ana mbale ija ngati mwana pawindo la sitolo. Ndinasungulumwa koopsa, mpaka ndinayamba kuyankhula ndi pampu yopopa madzi.

Lachisanu kunafika a Hironaka, oyendetsa chigalimoto chokwirira, atanyamula nsungwi yaitali yoboola mkati. Kwathu kuno chitsime sitikwirira osasiya popumira mzimu wa m'madzi.

"Achimwene, tandigwirirani chingwechi pang'ono chabe," ndinawapempha.

Anavula chipewa n'kuwerama. "Pepani mayi. Mukavulala m'menemo, ine ntchito yatha. Ana anga adya chiyani?"

Sindinawakakamize. Anaimika nsungwi ija pakati pa chitsime, nawaza mchere ndi mowa wa mpunga, tonse awiri tinaomba m'manja n'kuwerama. Kenako dothi linayamba kugwa. Fosholo yoyamba yomweyo inakwirira mbale ija.

Madzulo a Kuramoto anaimba, kumbuyo kwawo kukumveka phokoso la matambula ndi kuseka.

"Anthu akonda ntchito yathu kwabasi! Nanga m'chitsime muja munapezamo chiyani?"

"Sindikudziwa, aphunzitsi," ndinatero. "Panalibe wondigwirira chingwe."