Thovu la M'mbiya ya Edita

Cha m'ma naini m'mawa dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuotcha malata a pa mishoni, ndipo kunalibe ndi kamphepo komwe. Tomasi Shawa anatsegula firiji ya parafini m'khitchini ya ansembe napeza m'kati muli mofunda. Moto wake unali utazima osadziwika liti. Anatulutsa botolo la yisiti, chowiritsira mowa, nalitsegula, nalinunkhiza. Linkanunkha zoola.

Yisitiyo anamusiyira Bulaza Alfonsi, Mzungu wa ku Belijiyamu amene anamuphunzitsa kufulula mowa woyera wa ansembe. Bulaza anabwerera kwawo atadwala chifuwa. Kuwonjezera pa botololo, anasiya kathumba kamodzi ka hopu, maluwa ouma obiriwira a ku Ulaya amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo.

Bambo Mfumu wamkulu anamva nkhaniyi ali pakhonde, ndipo sanakwiye.

"Musadandaule, a Shawa. Masiku ano a Chitaganya malole akufika ndi mowa wa m'mabotolo mpaka ku Foti Jemisoni. M'kanyumba kanu kofululirako tiziikamo chimanga, inu mubwerere ku mapoto."

"Hopu akadalipo, Bambo. Wokwana kufulula kamodzi."

"Nanga yisiti? Mutenga wa buledi?"

"Tinamuyesa kale ndi Bulaza. Mowa unatuluka ukununkha mtanda wa buledi."

Wansembeyo anapukuta thukuta m'khosi. "Chabwino. Phwando la mishoni layandikira, kubwera ansembe a kwina. Mowa ukakoma, kanyumbako nkanu. Ukakanika, chimanga."

Tomasi anakhala zaka zambiri akusenda mbatata asanalowe m'kanyumbako, ndipo sankafuna kubwerera ku mapoto. Madzulo ake anakwera njinga kupita kumudzi wina wa ku Chiparamba, kwa mlamu wake Yosefina, mkulu wake wa malemu mkazi wake Edita. Edita atamwalira, mbiya yake yofululira inabwerera kwa abale ake monga mwa mwambo. M'kati mwa mbiyayo simunkapalidwa. Ankangotsukuluza, ndipo mowa uliwonse wothiridwamo unkawira wokha.

Anapeza Yosefina akupeta chimera cha mawere, mbiya ikutokota pamthunzi wa nkhokwe.

"Alamu, mwasochera?" anatero mayiyo. "Wophikira Azungu amadziwa njira ya kuno?"

"Ndabwera kudzapempha, alamu."

"Ngati ndi mkazi, ndakalamba."

"Thovu. La pamwamba pa mbiyapo, lodzaza kansupa."

Yosefina anaika lichero pansi. Tomasi anafotokoza za firiji, kenaka anatulutsa duwa limodzi la hopu m'thumba la malaya. Mayiyo analitafuna, nalavula kutali.

"Iyi ndi ndulu ya ng'ona. Mukufuna kundiphera thovu ndi zimenezi?"

"Bulaza ankati mumowa muli zamoyo za mitundu iwiri. Zina zimawawasa, zina zimawiritsa. Zowawasa zimathawa hopu, koma yisiti amamupirira."

"Yisiti wa kwawoyo. Nanga wa kuno?"

"Sindikudziwa," anayankha Tomasi.

Yosefina anamuyang'ana, kenaka anayang'ana mbiya. "Mwamuna wogona ndi mkazi sayandikira mbiya ikuwira, amausasitsa mowa. Mwana wanga yemwe ndimamuthamangitsa apa. Koma inu munazizira kale, alamu. Tungani nokha."

"Kuzizira kwake kuposa firiji ya ansembe."

"Imeneyo ndiye musaitchule."

Tomasi anagwada pambali pa mbiya. Pamlomo pake panali pobenthuka pamene Edita anaigunditsa pamwala chaka chimene anakwatirana. Anaikapo chala, kenaka anawola thovu ndi chipanda, nalithira m'nsupa. Anakulunga nsupayo ndi chiguduli chonyowa, naimangirira kumbuyo kwa njinga.

M'mawa mwake anaviika chimera cha mapira m'madzi ofunda, nasefa madzi otsekemera, nawawiritsa mumphika waukulu wa mkuwa. Anathira hopu wambiri poyamba kuti mowa uwawe, nasungako dzanja limodzi. Nthunzi inkanunkha ngati udzu wouma wa m'khola la ng'ombe za mishoni. Madziwo atazizira anawatsanulira mumgolo wa matabwa, nathiramo thovu la m'nsupa, navundikira ndi nsalu.

Mgolo unakhala chete. Tomasi ankabwera kudzaika khutu pa matabwa, osamva kanthu. Nthawi ya Misa ya m'mawa maganizo ake anali kumgolo. Bambo Mfumu anadutsa pakhomo la kanyumbako, nasuzumira, nayeza khoma ndi maso monga munthu woganiza za matumba a chimanga.

Kenaka m'mawa wina nsalu ija inatukuka pakati. Pansi pake panali thovu lochindikala, loyera ngati thonje, ndipo mgolo unkalira chamumtima ngati mvula ya kutali. Tomasi anathiramo hopu amene anasunga uja, monga ankachitira Bulaza mowa ukamawira. Anaviika chala nalawa. Kuwawasa kumene ankakuopa kunalibe.

Chimene sanachiyembekezere chinali fungo. Ndi yisiti wa Bulaza, hopu yemweyo ankatulutsa fungo la nthochi ndi la udzu. Tsopano la udzu linayamba kuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo m'malo mwake munabwera lina lotsekemera, ngati la magwafa akupsa ndi maluwa a mandimu. Christine, mayi wochapa nsalu za m'tchalitchi, anaima pakhomo ali ndi beseni pamutu.

"A Shawa, magwafa mwawapeza kuti chilimwe chino?"

"Mulibe gwafa muno, mayi."

"Mukabisa mudye nokha, Mulungu akuona."

Tomasi anadikira kuti mowa udikhe, nausefa, nauika m'mabotolo, nawatsitsira m'chitsime chakale kuti azizire.

Tsiku la phwando anthu anadzaza tchalitchi mpaka panja. Misa itatha, ansembe anakhala pagome lalitali pakhonde, ndipo Tomasi anabwera ndi mabotolo atavala malaya oyera. Potsegula loyamba, thovu linakwera bwino. Mowa unali wa mtundu wa uchi, wosayera kwenikweni ngati wa Bulaza. Anathira m'matambula nabwerera kukaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo.

Wansembe wina wokalamba, Mzungu wa ku mishoni ya kutali, anakweza tambula yake, naiika pamphuno, osamwa. Anainunkhiza kawiri.

"Wafulula ndani?"

"A Shawa awo," anayankha Bambo Mfumu.

"Mwaikamo chipatso chanji, bambo?"

"Palibe, Bambo. Chimera, madzi, hopu ndi thovu la kumudzi."

Mkuluyo anamwa pang'onopang'ono mpaka theka. "Hopu ameneyu ndimamudziwa, amamera kwathu. Sindinamumvepo akununkhira chonchi. Mundithirire wina asanamalize anyamatawa."

Bambo Mfumu analawa. Analawanso. Kenaka anamuitana Tomasi ndi dzanja.

"Chimanga tichipezera pena, a Shawa. Hopu wina ndiitanitsa. Koma thovulo musalitaye."

"Sinditaya, Bambo."

Ansembe anaomba m'manja, ndipo Christine, amene ankamvetsera kuseri kwa khonde, analuluta kamodzi. Tomasi anawerama pang'ono natuluka.

Kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa mango, Yosefina anali atakhala pamphasa ndi amayi anzake a ku Chiparamba. Tomasi anamubweretsera botolo limodzi ndi kapu ya chitsulo. Mayiyo ananunkhiza, nakweza nsidze, namwa.

"Ukuwawabe," anatero.

"Uyenera kutero."

"Koma fungoli ndi labwino. Thovu la kwathu, masamba a eni ake, ndiye mwana sanafanane ndi aliyense." Anamwanso, napatsira mnzake. "Edita akanati mwamuonongera mowa. Akanamwa kapu yachiwiri akunena zomwezo."

"Akanatero," anavomera Tomasi.

"Tsopano mukhale wozizira choncho, alamu. Mukakwatira, ku mbiya yanga musadzafikeko."

Amayi aja anaseka mpaka wina anatsamwa. Tomasi anamwetulira, natenga botolo lopanda kanthu.

Anabwerera m'kanyumba kake. Pansi pa mgolo panali patadikha nsenga zoyera, zochuluka kuposa thovu limene anabwera nalo m'nsupa. Anazikokota ndi supuni yowiritsa, nazithira m'botolo la Bulaza limene anali atalitsuka bwino. Anakaliika m'firiji, nagwada, nadula nsonga ya chingwe cha moto, nawonjezera parafini, nayatsa, nakonza mpaka lawi linakhala lobiriwira. Atatero anapinda manja a malaya nayamba kutsuka matambula.