Mtengo Wofera Mlandu wa Utuchi

Chifuwa chikamuyamba Kanyerere, ankapuma ngati akuliza wenzulo. Mayi ake, mtsikana wokwatiwa ndi kalipentala, ankangoyang'ana tinthiti ta mwanayo tikulowa ndi kutuluka, manja ali lende, mtima uli m'mwamba.

Pabwalo pawo panali mtengo wa maginoliya, wautali ndi wowongoka ngati mzati, wa maluwa achikasu onunkhira mpaka kumsewu. Anaubzala ndi malemu apongozi aamuna a mayiyo. M'mawa uliwonse Kanyerere ankatola maluwa ogwa n'kudzaza kathumba ka diresi lake.

"Ndi fungo ili," anagamula apongozi aakazi akuloza mtengowo. "Likumutseka mwana pakhosi. Ine ndalera ana, mayi, sindinachite kuwerenga m'buku ngati enanu. Udulidwe."

Koma make Kanyerere anali ataona zina. Chifuwa chinkakula masiku amene bambo ankapala matabwa pakhonde, pansi pa windo la kuchipinda. Akamamusambitsa mwana, m'mphuno munkatuluka fumbi loyera.

"Bambo ake," anayesa tsiku lina ndi mawu apansipansi, "komatu utuchiwu..."

Mwamunayo anaseka n'kudzimenya pamimba. "Utuchi? Ine ndaumeza chiyambire unyamata, taona mmene wandinenepetsera! Iwe umaopa ndi mthunzi wako womwe. Amayi anena kale."

 Mayiyo akanatsutsa bwanji apongozi pakhomo pawo pomwe?

Ocheka matabwa anabwera, mtengo unagwa, pabwalo panayera kuti mbee. Matabwa ake anali osalala, osavuta kupala, ndipo atangouma kalipentala anayamba kupanga makabati. Macheka, kupala, sandipepa, tsiku lonse pakhonde pomwepo. Utuchi unkalowa pawindo n'kukhala pabulangete, m'makapu, ngakhale m'tsitsi la mwana.

Masana ena Kanyerere analephera kumaliza mawu oti "amama". Milomo yake inayamba kuda. Mayi ake sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anamuponya kumbuyo n'kuthamangira kuchipatala, patapata mmodzi atatsala panjira.

Namwino anamupatsa mwanayo mankhwala opumira mpaka kupuma kunabwerera. Kenaka anatola kanthu m'tsitsi lake n'kukayang'anitsitsa.

"Amuna anu amagwira ntchito yanji, mayi?"

"Ndi akalipentala."

"Amagwirira kuti?"

"Pakhonde... pawindo la kuchipinda."

"Mwanayu ali ndi mphumu," anatero namwinoyo. "Fumbi la matabwa likalowa m'chifuwa chotere, njira za mpweya zimafinyika. Fungo la maluwa limavutadi anthu ena, koma mtengo mwati munadula, chifuwa chatsala. Inuyo munkaona chiyani?"

Mayiyo anafotokoza zonse, za fumbi la m'mphuno ndi masiku opala matabwa.

"Ndiye munaona bwino. Bwanji simunabwere kale kudzatiuza?"

Mayiyo anangoweramitsa mutu, misozi ikugwera pamwendo wopanda patapata.

Kalipentala atafika ali wefuwefu, namwino anamubwerezera zomwezo osamunyengerera. Madzulo ake kalipentalayo anasamutsira benchi lake kushedi ya mnzake. Apongozi anasesa khonde kawiri, nati, "Koma abale, ndani akanadziwa?" Make Kanyerere anayang'ana pansi.

Pang'onopang'ono mwana anayamba kupeza bwino. Koma dzuwa tsopano linkawomba khoma popanda chotchinga, ndipo m'nyumba munkatentha ngati mu uvuni. M'mawa wina Kanyerere anakaima pa chitsa cha mtengo uja atatsegula kathumba ka diresi lake, akuyang'ana kumwamba.

"Amama, maluwa agwa liti?"

Mayi ake anayang'ana chitsacho n'kumugwira mwanayo dzanja.

Phunziro: Mwana akamabanika, thamangirani kuchipatala musanagamule nokha chimene chikumudwalitsa, ndipo ntchito zotulutsa fumbi zikhale kutali ndi kumene ana amagona. Chimene mayi waona pa mwana wake achinene, ndipo apabanja amumvere, chifukwa mtengo ukagwa sudzukanso.