Mapazi Makumi Anayi

"Bweretsani kuno chimenecho!"

A Flossie anatsomphola sikelo m'manja mwa Elena asanatule n'komwe chikwama chawo. Mbatatesi zitatu zowiritsa zinagubuduzika pakhonde, nkhuku n'kuzithamangira.

"Takulandirani, alamu," anatero Elena, akuyang'ana nkhuku zikujompha nkhomaliro ya amuna ake.

"Musandilandire ine. Anthu akamandiuza ndinkati ndi miseche chabe. Kani n'zoona! Mlongo wanga mumamuyezera chakudya pasikelo ngati feteleza wa pamsika?"

A Flossie anali mlongo wawo wamkulu wa a Ignasio, amuna ake a Elena. Anali atakwera njinga yamoto kuchokera kwawo kufupi ndi Chongoni atangomva uthenga. Dzulo lake a Ignasio anagwa kudimba, kheni yothirira ili m'manja, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu cha mu Julaye. Anzawo anawamwetsa madzi a shuga, n'kuwakweza pangolo mpaka kuchipatala. Adokotala anati shuga wa m'magazi anatsika kwambiri, ndipo anafunsa ngati wodwalayo amadya mokwanira. Elena anayankha ndi mtima wonse kuti inde, amadya molingana ndi muyeso.

Muyesowo unayamba mu Meyi, a Ignasio atawapeza ndi matenda a shuga. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti achepetseko thupi ndi kusamala zakudya. Elena anali ataona amalume ake akudulidwa phazi chifukwa cha matenda omwewa, choncho mtima wake sunakhale m'malo. Tsiku la msika anatsika kuchokera ku Lobi kukagulitsa nyemba ku Linthipe, ndipo atamaliza anapita pabenchi ya Collins wokonza mafoni.

Collins anamuonetsa mapulogalamu atatu owerengera makalori, amene ndi mphamvu yopezeka m'chakudya. Yoyamba inkangofuna kuti ujambule mbale, yokha n'kunena zimene zilimo. Anaiyesa pa chigumu chimene Collins ankadya, iyo n'kuti ndi keke ya chokoleti. Yachiwiri inkafuna khadi la kubanki, chinthu chimene pakhomo pa Elena sichinafikepo. Yachitatu inkafuna kuti munthu aziyeza chakudya n'kumalemba yekha, koma inali ndi luso lina. Inkawerenga mapazi amene munthu wayenda, n'kumuuza kuchuluka kwa chakudya chomuyenera tsiku limenelo.

"Iyi ndiye yachilungamo, mayi," anatero Collins. "Wagwira ntchito, adye. Wangokhala, achepetse."

Elena anaisankha chifukwa cha mawu amenewo. Anagulanso kasikelo, ndipo kuyambira tsikulo palibe mbatatesi kapena chipande cha nyemba chimene chinafika pamaso pa a Ignasio chisanayezedwe.

Tsopano a Ignasio anatuluka m'nyumba atafunda bulangete, n'kukhala pamphasa pomwe panali dzuwa. A Flossie atawaona anagwira pakamwa.

"Taonani khosi ili! Malaya akuchita kukhala ngati obwereka. Ife tinakupatsani munthu wamnofu, wokweza yekha thumba la mbatatesi pangolo. Lero kwathu anthu ayamba kunong'ona kuti mwina pali matenda ena amene mukubisa."

"Mnofu womwewo ndi umene ukanawapha!" Elena anakweza mawu, chinthu chimene anali asanachitepo kwa alamu ake. "Munalipo inu adokotala akulankhula? Masabata asanu ndi awiri ndakhala ndikuyeza, kulemba, kuyeza, kulemba, mpaka ndiwo kupserera pamoto. Mukuona ngati ndimakondwa kupereka mbale yosadzaza?"

"Ndiye adokotalawo ndi amene anati mbatatesi zitatu?"

"Foni ndiyo imanena."

"Foni!" A Flossie anawomba m'manja kamodzi, n'kuyang'ana kumwamba. "Amayi Maria, tipempherereni. Banja ili nkhoswe yake ndi foni. Kaitengeni tiimve. Mwina ndi yanzeru kuposa ife amene tinamulera."

Elena anapita pawindo pomwe foniyo inkakhala, italumikizidwa ku waya wa sola. Anaisolola mwaukali, nabwera nayo pakhonde. Chingerezi chake cha Folomu 2 chinkamukwanira kuwerenga n'kumamasulira.

"Zadzulo izi. Makalori ololedwa, 1,400."

"Ololedwa ndi yani?"

"Tadikirani kaye. Mapazi amene mwayenda, makumi anayi. Ndiye pansipa akuti..." Elena anaima.

"Werengani, mayi. Mwayamba nokha."

"Akuti mwakhala pansi nthawi yaitali. Yesetsani kudzuka pampando, muziyendako pang'ono."

A Ignasio anataya bulangete uko.

"Pampando? Ine?" Mawu awo anali osasa koma anamveka mpaka kukhola. "Mpando wake uti? Dzulo ndatsika mtunda wonse uja ndi makheni awiri. Kuchitsime, kumizere, kuchitsime, kumizere. Ndathirira mizere khumi ndi isanu ndisanagwe. Mapazi makumi anayi? Amenewo ngakhale kuchimbudzi sindingafike!"

Elena anatembenuka n'kuyang'ana pawindo paja. Anayang'anapo nthawi yaitali. Foniyo kudimba inali isanapiteko ngakhale tsiku limodzi. Chigwereni m'chitsime foni yawo yoyamba chaka chatha, a Ignasio eni ake ndiwo analamula kuti foni izitsala pakhomo. Mapazi makumi anayiwo anali a Elena, ochoka pawindo kupita kukhitchini ndi kubwerera. Masabata onsewo munthu wa khasu ndi kheni ankadya muyeso wa foni yongoothera dzuwa.

Atawafotokozera, a Flossie anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

"Safunsa anadya phula. Koma apa phulalo mwadyetsa mlongo wanga, inu muli bwinobwino."

Elena anatembenukira kwa amuna ake.

"Bambo a Ufulu, tsiku lililonse mukasamba m'manja ndinkakufunsani chiyani?"

"Unkafunsa ngati ndakhuta."

"Inu munkati chiyani?"

"Ndinkati ndakhuta."

"Munkakhuta?"

A Ignasio anatola kamtengo n'kuyamba kulemba mizere pansi. "Dzuwa likangokwera pang'ono miyendo inkayamba kunjenjemera. Ndinkangokhala kaye pamzere mpaka zitadutsa."

"Nanga pakamwa panali posokedwa?"

"Mkamwini sapempha zoonjezera, mayi a Ufulu. Pamudzi pa eni, chimene wapatsidwa umalandira ndi manja awiri. Atate anandiuza choncho tsiku londiperekeza kuno."

"Pamudzi pa eni!" Elena anaponya foni pamphasa. "Zaka makumi awiri ndi zitatu, ana anayi, njerwa za nyumba iyi munaumba ndinu, lero mukadali mlendo? Ndikanakuikani m'manda ine! Anthu akanamati Elena anapha mwamuna ndi njala, kutchalitchi akazi anzanga n'kumasendera uko ndikakhala pabenchi, inu muli gone ndi ulemu wanuwo. Ine kulakwa ndalakwa, sindikukana. Ndinakhulupirira kanthu kosadziwa n'komwe kuti kheni yodzaza imalemera bwanji. Koma mawu amodzi okha, akuti sindinakhute, akanakudulani lilime?"

Akazi awiri amene ankadutsa ndi nkhuni pamutu anachepetsa liwiro kuseri kwa mpanda. A Flossie anawaona, ndipo m'malo motsitsa mawu anawakweza.

"Zamveka, zakwana. Nyamukani achimwene, wanjinga akutidikira pamsewu. Mukachire kwathu, kumene munthu amadya osayang'ana sikelo. Za banjali tidzakambirana ndi ankhoswe enieni, okhala ndi miyendo."

Elena ankadziwa kuti mkamwini akatengedwa ndi abale ake ali wodwala, mudzi wonse umakhala utaweruza kale mkazi wake, ndipo kubwerera kwake kumafuna bwalo.

A Ignasio anayang'ana alongo awo. "Kwanuko mukandidyetsa chiyani, achemwali?"

"Chilichonse chimene mtima wanu ufuna. Tiyi wa masupuni atatu ngati kale, mandasi, thobwa lotsekemera. Mwezi umodzi khosi limenelo likabwerera."

"Ndiye phazi ili mukandithandiza kulikwirira?"

"Mukuti bwanji?"

"Matendawa ndili nawo ndithu, achemwali, si a foni. Uyu wandichepetsera mopyola, inu mukandichulukitsira mopyola. Koma uyu ndi amene amadziwa nthawi ya mapiritsi anga. Sindipita."

A Flossie anaimirira, nkhope itachita mdima. "Chabwino. Ndawononga mafuta a njinga pachabe. Mukadzagwanso, uthenga mudzatumize kwa foni yanuyo." Anatola chikwama. Elena anathamangira m'nyumba kukatunga madzi akumwa, koma potuluka anapeza alamu ake atafika kale pamphambano, osacheuka.

Anaima ndi kapuyo kanthawi, kenako anaipereka kwa amuna ake. Anatola foni, n'kudina pa pulogalamu ija mpaka itafufutika.

"Lachisanu tipita tonse kuchipatala," anatero, osawayang'ana. "Mukanena nokha, ndi pakamwa panu, ntchito imene mumagwira, makheni angati, mtunda wotalika bwanji. Ngati pali pulogalamu ina, tikasankha pomwepo adokotala akuona, osati pabenchi ya Collins. Ikakhala kuti palibe yodziwa za kudimba, atilembere papepala."

"Ndamva."

"Simunamve. Mukadzanenanso za pamudzi pa eni, ndidzakuperekezani ndekha ku Chongoni."

Analowa kukhitchini. Kunkamveka ziwiya zikugundana kuposa masiku onse. Patapita nthawi anatuluka ndi mbatatesi zina, nyemba ndi mpiru wotendera, n'kuziika pamphasa mosagwada. Anakhala chapatali, atapinda manja, akuyang'ana kumapiri.

A Ignasio anadya pang'onopang'ono mpaka mbale inayera. Anakhala kaye akuisisita m'mphepete ndi chala. Anatsokomola. Kenako anaikankhira kutsogolo pang'ono.

"Mayi a Ufulu."

"Ee."

"Nyembazo... ngati zatsalako, onjezako."

Elena anawayang'ana, maso ali ofiira. Anatenga mbaleyo, nabwera nayo itadzaza, n'kuiika pansi mwamphamvu moti msuzi unadonthera pamphasa.

"Mwaona," anatero. "Pakamwa sipanang'ambike."